Bedi la amayi litamira m'matabwa

Foni inalira kunja kusanayere, ndipo mtima unagunda ndisanayankhe n'komwe, chifukwa achemwali anga saimba nthawi imeneyo popanda maliro kapena matenda. "Achimwene, musadandaule, tonse tadzuka. Koma bedi la amayi lamira." Ndinafunsa ngati madzi alowa m'nyumba. Anaseka mpaka kutsokomola. "Madzi ayi. Lamira m'matabwa. Mwendo umodzi wangoti phwoo kulowa pansi, amayi n'kutsetserekera kukhoma ngati thumba la chimanga. Panopa akhala panja, akuti m'chipindamo sakalowamonso."

Munali mu Epulo 2023, patangopita masabata ochepa namondwe wa Freddy atadutsa. Kwathu, m'munsi mwa phiri cha ku Domasi, mvula inagwa masiku otsatizana osakata, ndipo makoma a nyumba zingapo za anansi athu anagwa. Yathu inaima nji. Tinathokoza Mulungu, tikumauzana kuti agogo ankamanga zolimba. Tonse maso anali kudenga ndi kumakoma. Kunsi kwa mapazi athu palibe anakuganizira.

Amene munakulira kumudzi mwayamba kale kudabwa: nyumba ya kumudzi, pansi pake matabwa? Kumudzi pansi timazira ndi dothi, ndipo amene zamuyendera amathira simenti n'kupaka polishi wofiira. Koma agogo athu aamuna, bambo awo a amayi, anali kalipentala. Luso analitenga kumishoni, kenako anagwira ntchito yokonza nyumba za boma m'tauni ya Zomba, masiku amene Zomba inali likulu la dziko, likululo lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. M'mudzi mwathu anabwera ngati mkamwini, ndipo mkamwini sasankha malo. Anawalozera potsetsereka, pamalo pamene eni mudzi onse anapakana. Wina akanakumba mtunda n'kusalaza. Iwo anachita zimene ankaona m'nyumba za azungu zomangidwa m'mbali mwa phiri: anakweza maziko a njerwa zootcha, anayala mitanda, pamwamba pake n'kukhoma matabwa. Mbali ya kumtunda pansipo panali mpata wofika m'bondo basi, koma mbali ya kumunsi munthu wamkulu ankatha kuyendamo chowerama.

Anthu ankaitcha nyumba ya ng'oma. Tili ana tinkathamanga dala kuchokera pabalaza kukafika kuchipinda kuti timve gugugu, ndipo agogo aakazi ankadziwa aliyense ndi mayendedwe ake. Munthu sukanabwera usiku mozemba m'nyumba imeneyo. Ndinayesapo ndili Fomu 3, ndipo zotsatira zake sindizilemba pano.

Ine maganizo anga anali achidule: kuzula chilichonse cha mtengo, kuthira dothi, kuthira simenti, mwina m'tsogolo matailosi. Ndinali nditatopa nayo nyumba yachilendoyi. Koma kwathu nyumba ndi ya mbumba, mwana wamwamuna sungangobwera ndi ndalama zako za m'tauni n'kuyamba kugumula. Ndinakagwada kwa amalume. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akutafuna nzimbe, kenako anati, "Mphwanga, chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Nyumba ija munaisiya nonse, mumangobwera pa Khirisimasi. Kakonzeni. Koma mmisiri ndikupezerani ine, osati anyamata anu aja othamangira kumaliza." Ndinavomera, ngakhale mumtima ndinkaona ngati akufuna kupatsa ganyu mnzawo wa pabawo.

Tinadikira kuti kunja kuume, ndipo ntchito inayamba kumapeto kwa Ogasiti. Apa ndinganene kuti tinachita mwayi umodzi: matumba a simenti ndinagula nthawi yomweyo, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chimenecho. Ndikanachedwa miyezi itatu, nkhani ino bwenzi ili ya nyumba yosatha.

Mmisiri uja anafika pa njinga yakapalasa, zida zake zili m'thumba la feteleza: sowo, hamala, tchizulo ziwiri, levulo, chitsulo chokanulira matabwa, ndi chingwe. Anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba sanazule kanthu. Anavula nsapato, n'kuyamba kuyenda m'zipinda zonse pang'onopang'ono, akugogoda pansi ndi hamala, khutu atalitchera ngati dokotala. Pena pankalira "ngo, ngo", mawu olimba. Pena "phu, phu", ngati ukumenya dzungu lowola. Pamene pamveka phu ankalembapo mtanda ndi choko. Pofika masana, chipinda cha amayi ndi theka la pabalaza zinali zoyera ndi choko.

"Madala, bwanji osangoyamba kukanula? Zonsezi zikuchoka basi," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bwana, mbuzi musanaisende mumayamba mwadziwa pamene pali ndulu."

M'mawa mwake tinakanula thabwa loyamba. Fungo limene linatuluka sindidzaliiwala: dothi lonyowa, chuku, ndi mkodzo wa makoswe, zonse pamodzi, m'mwezi umene kunja fumbi linali koboo. Mmisiri analamula kuti aliyense amange nsalu pamphuno, ndiponso tiwaze madzi pang'ono tisanasese, chifukwa fumbi la ndowe za makoswe ndi mileme si la masewera. Analetsanso anyamata aganyu kupisa dzanja pamene diso silinaone. Njoka sitinapeze, koma chikopa chimene inafundula tinachipeza, chachitali kuposa mkono wanga, chitakolekeka pa njerwa.

Pansi pa nyumba pali mbiri imene palibe amailemba. Tinatola mabatani, supuni, chipeso, theka la sileti, mabulo anga amene ndinalirira ndili mwana. Tinatolanso makobiri: matambala akuda bii, ndi limodzi la bowo pakati, la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amayi analipukuta ndi chitenje, naliyang'ana nthawi yaitali. Akuti ali mtsikana anakwapulidwapo chifukwa cha kobiri longa limenelo, atawatuma mchere iwo n'kubwera chimanjamanja. "Ndinkawauza kuti lagwera m'matabwa, sanandikhulupirire." Analimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo mpaka lero palibe analionanso.

Matabwa atachoka, mafupa a nyumba anaonekera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsa mmene agogo anaganizira. Pakati pa nyumba, kuchokera kumtunda kukafika kumunsi, panadutsa mtanda waukulu, wokhala pa timizati ta njerwa. Pamwamba pake panagona mitanda yaing'ono yopingasa, yotalikirana phazi limodzi ndi theka, imene akalipentala amati thu-bayi-sikisi. Nsonga zake zinalowa m'mabowo osiyidwa dala m'khoma. Pamwamba pa kamzati kalikonse panali chidutswa cha lata, chopindidwa m'mbali kuloza pansi ngati chipewa. Ndinkaganiza kuti n'zongotsekera mpata. Mmisiri anandifotokozera kuti chiswe chimadana ndi kuwala ndi mphepo youma, n'chifukwa chake chimamanga kanjira ka dothi kokwera nako. Chikafika pa lata sichingaboole, chimayenera kuzungulira mlomo wa chipewacho, poyera, pamene munthu woyendera pansipo ndi nyali angachione n'kuphwanya kanjirako. Latalo silipha chiswe, limangochiyalutsa. Koma kuti chiyaluke pamafunika munthu wobwera kudzayang'ana, ndipo chimwalirireni agogo palibe analowako.

Pa mtanda uliwonse panali nambala yolembedwa ndi pensulo ya kalipentala, ndipo pa umodzi panali masamu a mainchesi, ochotsera ndi kuphatikiza, ndi dzanja lopendekera limene ndinalizindikira chifukwa ndi lomwe lili m'Baibulo lawo.

Chiswe n'chaulemu moipa. Chimadya m'kati, kunja n'kusiya khungu losalala, moti mtanda umaoneka wamoyo uli maliro. Mmisiri anatenga msomali wa mainchesi 6 n'kuukankha ndi chala chachikulu chokha pa mtanda umene unali pansi pa bedi la amayi. Unalowa wonse ngati mu nsima. Atathyola khungulo, m'kati munali dothi lokhalokha ndi timizere ta mtengo topyapyala ngati masamba a buku, ndipo agang'a anatuluka mitu ili yofiira, okonzeka kumenya nkhondo. Ndinaganiza za zaka zonse zimene amayi akhala akugona pamenepo, ndipo miyendo inandizizira.

Chinanso chimene ndinaona n'chakuti mitanda siinawole mofanana. Pakati inali yabwinoko, koma nsonga zolowa m'khoma zinali zakuda, zofewa, zofinyika madzi. Chinyontho chimayenda m'njerwa, mtengo n'kumayamwa kuchokera kunsonga monga umachitira uli wamoyo. Chuku chikayamba kuufewetsa, chiswe chimabwera pa chakudya chophikaphika. Mitanda ingapo ya bulugamu, imene wina anaikamo pambuyo pake pokonza, ndiyo inatheratu. Koma funso la mmisiri linali lina: nyumba imene inakhala youma zaka makumi angapo, chinyontho chinailowa liti, ndipo chinalowera kuti?

Tsiku lachitatu anakwawira mbali ya kumunsi ndi tochi, ndipo patapita nthawi ndinamva akuitana. "Bwana, tabwerani muone." Ndinalowa chokwawa, thalauza langa la m'tauni likukhuta dothi. Anawalitsa pakhoma la maziko. Panali bowo la makona anayi, kukula ngati njerwa ziwiri, ndipo kuseri kwake kunali simenti wotuwa. Anasuntha tochi: lina. Kenako lina. Tinawerenga mabowo 8 kuzungulira nyumba yonse, onse otsekedwa kuchokera kunja.

"Izi ndi mphuno za nyumba," anatero. "Mphepo imalowera uku, kutulukira uko, pansi n'kumauma. Ndani anaitseka mphuno nyumbayi?"

Ndinakhala chete. Amene anatseka ndinkamudziwa bwino.

Chaka chimene ndinayamba ntchito, malipiro anga oyamba enieni ndinafuna kuti mudzi wonse uwaone. Agogo anali atatisiya kale. Ndinagula simenti, ndinapeza anyamata, tinapaka pulasitala kuzungulira nyumba yonse mpaka pansi, ndipo kumtunda ndinamanga khonde lalikulu loti amayi azikhalapo madzulo. Mabowo aja ndinalamula ndekha kuti atsekedwe, chifukwa achemwali ankadandaula makoswe ndipo tsiku lina munalowa njoka. Ndikukumbuka amalume ataima chapatali, manja kumbuyo, akuti, "Kodi timabowoto bambo aja anangotisiya mwangozi?" Ndinawayankha kuti zimenezo n'zachikale. Sanabwerezenso. Amalume anga sabwereza mawu.

Ndipo khonde langa lija, limene ndinajambulitsapo zithunzi, linali ndi mlandu wake. Tinalithira mokwera kuposa mzere wa phula umene agogo anaika m'khoma kuti chinyontho chisakwere, komanso linapendekera kunyumba m'malo mopendekera kubwalo. Mvula iliyonse yotsika m'phiri, ndipo aliyense wa ku Zomba akudziwa mmene imagwera kuno, inkafika pakhondepo n'kutsamira khoma. Madzi ndinawatsegulira khomo, mphepo ndinaitsekera. Freddy anangomaliza ntchito imene ndinaiyamba ndekha.

Nditatuluka pansipo ndinawauza amalume. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa ngati anyamata apatsidwa kale thobwa.

Tsopano kuzula kwenikweniko. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya mphamvu: kugwira mtanda anthu anayi, kukoka, kutaya panja. Ndi ntchito ya kuleza mtima, ndipo mphamvu zikachuluka ndiye zimaononga. Choyamba mmisiri anafufuza chilichonse chimene chakhalira pa mitandayo. Khoma logawa chipinda cha amayi ndi pabalaza linali la matabwa, loimikidwa pamwamba pa pansipo, ndipo linkanyamula mbali ina ya siling'i. Tikanazula mitanda ya kunsi kwake osaganiza, siling'i ikanatipeza pamutu. Tinadula milimo iwiri ya bulugamu, tinaiimika pa matabwa okhuthala oyalidwa pa dothi lolimba, ndipo ndi jeke wa galimoto yanga tinakweza pang'ono, pang'ono zedi, mpaka kulemera kutachoka pakhomalo. Mmisiri anakhomerera timatabwa tosongoka tolimbitsira, anagwedeza milimo ija ndi dzanja, kenako anati tikadye.

Chachiwiri, njerwa za nyumbayi n'zootcha koma zinamangidwa ndi matope, monga nyumba zambiri za nthawi imeneyo. Khoma lotere limalimba likamapanikizidwa kuchokera pamwamba, koma ukalikankha cham'mbali limamasuka ngati mano a nkhalamba. Ndiye mtanda sukokedwa wathunthu. Umayamba wauchirikiza pansi, n'kuucheka pakati, ndipo kachekedwe kake n'kopendeketsa, kuti chidutswa chimodzi chitsetsereke pa chinzake osakanirira sowo. Ukatero umagwira chidutswa chilichonse, kuchigwedeza pang'ono uku ndi uku, kuchizungulitsa, mpaka nsonga itasolokoka m'bowo mwake ngati dzino la mwana. Nthawi zina nsonga inkatsalira m'khoma itaphwanyika, ndiye tinkaikolopola ndi tchizulo mpaka bowo litayera. Lamulo la mmisiri linali lakuti bowo lililonse litsekedwe ndi njerwa ndi simenti tsiku lomwelo, komanso tisazule mitanda yoyandikana yoposa iwiri tisanatseke. Akuti khoma lokhala ndi mabowo ondondozana lili ngati pepala la lisiti, limang'ambika potsata mabowowo.

Misomali nayo inatichedwetsa. Yakale ija inali itachita dzimbiri n'kumamatirana ndi mtengo, ndipo sowo akakumana ndi umodzi mano amatha pomwepo. Madzulo alionse mmisiri ankakhala pa chitsa, sowo ataupana pakati pa mawondo, akunola dzino limodzilimodzi ndi tupa.

Ngozi inachitika tsiku limene anapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo. Anatiuza kuti tingosesa ndi kutuluta zinyalala. Koma mnyamata mmodzi waganyu, wamphamvu zake ngati ng'ombe, anaona kuti tikutaya nthawi, ndipo kunena zoona ine sindinamuletse. Analowetsa chitsulo pansi pa mtanda wosacheka n'kuutukula pakati. Nsonga ya kukhoma inakankhira m'mwamba, tinangomva "gwede", njerwa zitatu n'kugwera m'kati, ndipo mng'alu wopyapyala unakwera kuchokera pabowolo mpaka pawindo. Tonse tinathawira panja. Mmisiri atabwera anayang'ana mng'aluwo, anayang'ana ine, osati mnyamatayo. Anamata kachidutswa ka galasi ndi simenti mopingasa mng'aluwo, n'kunena kuti galasilo likasweka ndiye kuti khoma likuyendabe. Masiku atatu ndinkadzuka m'mamawa kukaliona ndisanasukusule. Silinasweke. Tinagumula njerwa zozungulira pamenepo n'kumanganso, ndipo ndalama ya masiku awiri inapita chifukwa chofuna kupulumutsa ola limodzi.

Mtanda waukulu wa pakati tinausiya komaliza. Unali wakuda ndi fumbi, wautali, wolumikizidwa pawiri, ndipo ine ndinali nditauwerengera kale kuti ukhala nkhuni za achemwali. Mmisiri anaika sowo, anakoka kawiri katatu, n'kuima. Utuchi umene unagwa unali wofiirira, wouma, ndipo fungo lake linadzaza chipinda chonse, kugonjetsa chuku ndi makoswe omwe. Amayi anali panja akusankha nyemba. Anangodzuka, lichero lili m'manja, n'kudzaima pakhomo limene analumbira kuti salowanso.

"Limenelo ndi fungo la bambo anga," anatero. "Malaya awo ankanunkhira choncho."

Unali mkungudza, sida wa ku Mulanje uja. Mmisiri anaubaya ndi msomali wake paliponse, kunsonga, pansi, pamene unakhudza lata. Msomali unkangobwerera. Tinjira ta chiswe tinali titakwera pamwamba pake n'kudutsa kupita ku mitanda ina, koma iwo sunalumidwe ngakhale pang'ono. Mafuta amene amaupatsa fungolo ndi omwe chiswe chimadana nawo, n'chifukwa chake kale unkafunidwa kwambiri pomanga. Atsamunda anaudzalanso pa phiri la Zomba, ngakhale kwawo kwenikweni ndi pa phiri la Mulanje pokha, padziko lonse lapansi. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma ulemu umenewo sunauteteze ku nkhwangwa ndi moto: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala pa phiri la Mulanje. Pali ntchito yodzala mbande zatsopano, koma mtengo woti utulutse mtanda ngati umene unali patsogolo pathu sukula m'moyo wa munthu mmodzi. Titapukuta mitanda yaing'ono imene inapulumuka, tinapeza kuti 9 mwa iyo inalinso ya mkungudza. Agogo ayenera kuti anaika umene anali nawo, kwinako n'kukwaniritsa ndi mitengo ina.

"Uwu sindicheka," anatero mmisiri, akupukuta sowo. "Mukafuna kuucheka mupeze wina."

Tinautulutsa osaucheka, chigawo chimodzi nthawi imodzi, titamasula polumikizira pamene agogo anapanga mano olowana n'kukhomera zikhomo za mtengo. Anthu 6, zingwe, ndi kufuula kochuluka, kudzera pawindo limene tinachotsa felemu. Mbiri inayenda msanga. Pasanathe masiku awiri kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, akuti amasema mabokosi ogulitsa kwa alendo, ndipo anatchula mtengo umene ukanalipira aganyu onse. Ndisananene kanthu, amayi anamufunsa ngati kwawo amagulitsa mafupa a makolo. Anamwa madzi n'kutsanzika.

Apa m'pamene pulani yanga ya simenti paliponse inagwa. Zipinda za kumtunda zinalibe vuto, mpata wake unali waung'ono. Koma chipinda cha kumunsi chinkafuna dothi lopitirira mita imodzi kuya kwake, ndipo mmisiri anakana. Khoma la kumunsilo linamangidwa kuti linyamule denga, osati kutchinga dothi ngati damu. Ukathira matani a dothi kuseri kwake, n'kutsendera, mvula n'kudzalinyowetsa, limayamba kutupa mimba mpaka tsiku lina kuphulika. Ndikanafuna simenti kumeneko, ndiye kuti kumanga khoma lina lochirikiza m'kati, ndalama imene ndinalibe. Iye anati mitanda 9 ija ndi chigawo chimodzi cha waukulu uja n'zokwanira chipinda chimodzi. Ndinaona kuti nkhalambayi inali itawerengera kale zimenezi tsiku lija inkagogoda pansi ndi hamala.

Kumtunda ntchito inayenda msanga. Tinatola kachidutswa kalikonse ka mtengo, ngakhale utuchi, chifukwa kukwirira mtengo pansi pa simenti n'kuikira chiswe nkhokwe. Tinathira mankhwala a chiswe ogula kusitolo ya zaulimi, motsatira muyezo wolembedwa pabotolo. Wina anati tingothira oyilo wakutha wa galimoto monga amachitira ambiri, koma chitsime chathu chili kumunsi kwa nyumba, ndipo sindinafune kudzamwa oyiloyo m'tiyi. Kenako zidutswa za njerwa ndi miyala, kutsendera mosanjikiza pang'onopang'ono, mchenga pamwamba kuti miyala isaboole pepala lakuda la pulasitiki, ndiye konkire wokhuthala masentimita 10. Sabata yathunthu adzukulu a amayi ankathira madzi m'mawa ndi madzulo kuti asang'aluke. Pakati pa mbali ya simenti ndi ya matabwa tinamanga kakhoma kochindikala kogwira dothilo.

Khonde langa ndinaliphwanya ndekha. Anyamata anafuna kundilandira hamala yaikulu ija, ndinakana. Tinalithiranso motsika, lopendekera kubwalo, ndi ngalande yotenga madzi a m'phiri kuwazungulitsa nyumba. Mphuno za mbali ya kumunsi tinazitsegula, tinaboolanso ziwiri zatsopano m'mbali kuti mphepo izidutsa, ndipo zonse tinaziika waya wa sefa, yankho la makoswe ndi njoka limene likanandidyera ndalama yochepa kuposa thumba limodzi la simenti zaka zonse zija. Nsonga za mitanda ulendo uno sizinalowe m'khoma. Zinakhala pa kakhoma kakekake, pamwamba pa pulasitiki, ndi mpata wa chala pakati pa mtengo ndi njerwa. Zipewa za malata tinadula zatsopano potengera zakale.

Mitanda yodyedwa ija achemwali anayesa kuisonkhezera, koma inkangofuka, dothi lokhalokha. Anati ngakhale pa nkhuni chiswe chatibera.

Amayi tinawakonzera chipinda cha simenti, chosalala, chopaka polishi, choti bedi silingamirenso. Anagonamo masiku awiri. Lachitatu anauza adzukulu kuti anyamule bedi kupita kumunsi. Akuti simenti ikuwazizira m'mafupa, ndiponso m'chipinda chimenecho munthu akhoza kukufika pamutu osamumva.

Tsiku lomaliza, mmisiri atalandira ndalama zake n'kumanga thumba lake pa njinga, ananditengera pakona ya chipinda cha matabwacho. Anali atasiya kachitseko pansi, kokwana munthu mmodzi, kokhala ndi mphete yachitsulo yokokera. "Aka si ka amayi, si ka achemwali anu," anatero. "N'kanu. Mvula ikayamba ndi pamene yatha, muzilowa ndi tochi."

Ndinalowamo koyamba mu Epulo chaka chotsatira, nditavala kabudula wakale. Pansi panali pouma, kamphepo kakundipita m'makutu, fungo la mkungudza lili pomwepo. Ndinayendera timizati tonse. Pa kachitatu kuchokera kumunsi ndinapeza kanjira ka dothi, kopyapyala ngati pensulo, katakwera njerwa zonse mpaka kukagunda lata, n'kuyamba kupinda kutsata mlomo wake. Ndinakaphwanya ndi chala, tizilombo toyera n'kubalalika. Pamwamba panga ndinamva gugugu, mwana wa achemwali akuthamanga, kenako mawu a amayi akumukalipira kuti amalume ake ali pansipo, awathira fumbi m'maso.